Wakutsina Khutu Ndi Mnansi: Pamene Magazi Aulula Matenda a Ciwindi

Masiku ano anthu ambiri amapita kukapimitsa magazi asakudwala konse. Mnyamata wapeza nchito ndipo akuluakulu a pakampani afuna cikalata ca dotolo. Mai woyembekezera wayamba sikelo. Mwana wa ku sekondale watambasula mkono kuti apereke magazi othandizira odwala m'cipatala. Onsewa amacoka panyumba ali amphamvu, mutu susakuwawa, thupi silikutentha, ndipo amayesa kuti zimene akukacitazo ndi mwambo cabe. Komatu ena mwa iwo amaitanidwa pambali ndi anamwino, nauzidwa kuti m'magazi mwao mwapezeka kadoyo ka hepatitis B, kamene kamaononga ciwindi.

Uthenga wotere umaziziritsa nkhongono. Munthu amafika kunyumba ndi kapepala m'thumba, nsima imakanika kutsika, usiku tulo sitibwera. Kodi ndatsala ndi zaka zingati? Kadoyoka ndinakatenga kuti? Nanga mnzanga wa m'nyumba ndimuuza bwanji? Nkhani ino yalembedwa kaamba ka munthu ameneyo pamodzi ndi a pabanja pake. Makolo athu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Magazi amene aulula matenda munthu akali wamphamvu amutsina khutu nthawi ikalipo, ndipo zimene acite ndi nthawi imeneyo ndizo zidzalamula za moyo wake ndi wa ana ake.

CIWALO CIMENE SICIDANDAULA MSANGA

Ciwindi cili mbali ya kudzanja lamanja, kunsi kwa nthiti, ndipo mwa munthu wamkulu cimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Nchito zake nzambiri. Cimasefa zoipa m'magazi, cimapanga ndulu yothandiza kugaya mafuta, cimasunga mphamvu yocokera m'zakudya, ndiponso cimapanga zinthu zimene zimaumitsa magazi munthu akadziceka. Ndi ciwalo copirira kwambiri. Dzino likabooka munthu sagona, koma ciwindi cingathe kuonongeka mbali yaikulu mwini wake akulimabe m'munda tsiku ndi tsiku.

Kadoyo ka hepatitis B kakakhazikika m'ciwindi, thupi limalimbana nako kwa zaka zambiri, ndipo nkhondo imeneyi imasiya zipsera. Zipserazo zikaculuka ciwindi cimauma, matenda amene madotolo amawachula kuti cirrhosis, ndipo mwa anthu ena mumabuka khansa. Zimenezi zingatenge zaka 20 kapena 30. Mwa anthu amene anatenga kadoyoka ali ana ndipo sakulandira cithandizo ciliconse, pafupifupi mmodzi mwa 4 alionse amafa nthawi yake isanakwane kaamba ka kuuma kwa ciwindi kapena khansa. Zizindikiro zimene anthu amazidziwa, monga maso acikasu, mkodzo wakuda ngati tiyi, mimba yotupa ndi madzi ndiponso kusanza magazi, kawirikawiri zimafika matenda atapita kale patali. Pamenepo pamudzi anthu amayamba kunong'onezana kuti wina wamudyetsa, mbuzi ndi nkhuku nkuthera kwa asing'anga, pamene gwero lake ndi kadoyo kamene kanalowa m'thupi munthuyo akali m'manja mwa amai ake.

Matendawa si a anthu owerengeka. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti mu 2022 anthu 254 miliyoni anali ndi kadoyoka m'thupi, ndipo 65 miliyoni mwa iwo anali a m'cigawo ca Africa. Caka comweco anthu 1.1 miliyoni anamwalira nako. Comvetsa cisoni ncakuti pa anthu 100 alionse amene anali nako, 13 okha ndiwo anali kudziwa. Kuno kwathu, kafukufuku wa ZAMPHIA wa mu 2016 anapeza kadoyoka mwa anthu 5.6 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 59, ndiko kunena pafupifupi mmodzi mwa anthu 18. M'chalichi momwe mwasonkhana akulu 360 mungathe kukhala anthu 20 otere. Amene wapimidwa nadziwa ali m'kagulu kocepa ka amwayi.

Kadoyoka nako kanadziwika mosayembekezera. Dotolo wa ku America, Baruch Blumberg, anali kupima magazi a anthu a mitundu yosiyanasiyana pofufuza kusiyana kwa cibadwa cao. Mu 1965 analengeza kuti wapeza cinthu cacilendo m'magazi a munthu wina wa mtundu wa eni nthaka a ku Australia, ndipo patapita zaka ziwiri zinaoneka kuti cinthuco cimayendera limodzi ndi matenda a ciwindi. Analandira mphoto ya Nobel mu 1976, ndipo tsiku lake lobadwa, 28 Julaye, ndilo tsiku lokumbukira matenda a hepatitis pa dziko lonse. Cinthu cimene anapezaco ndico cimalembedwa kuti HBsAg pa kapepala ka kucipatala.

KODI KAPEPALA KAKUNENA CIANI?

Pakalembedwa kuti HBsAg positive, tanthauzo lake nlakuti kadoyo kalimo m'magazi. Kapepalako sikanena kuti kadoyo kanalowa liti, sikanena kuti nkoculuka bwanji, ndipo sikanena ngati ciwindi caonongeka kapena ai. Mayankho a mafunso amenewa amabwera ndi kupima kwina.

Dotolo amafuna kudziwa coyamba ngati kadoyoka kangolowa kumene kapena kanakhazikika. Munthu wamkulu amene wangokatenga, nthawi zambiri thupi lake limakagonjetsa lokha pasanathe miyezi 6. Kakapezekabe miyezi 6 itapita, ndiye kuti kanakhazikika. Pali kupima kochedwa ALT, kumene kumaonetsa ngati ciwindi cikutupa. Pali viral load, imene imawerenga kuculuka kwa tizidoyo m'magazi. Palinso kujambula ciwindi ndi makina a ultrasound. Ndiponso aliyense wopezeka ndi hepatitis B ayenera kupimidwa HIV, pa cifukwa cimene ticifotokoze kutsogoloku. Kiliniki yaing'ono siingathe kucita zonsezi, motero munthu angathe kutumizidwa ku cipatala ca boma, ca mishoni, ngakhale ku zipatala zazikulu monga UTH ku Lusaka. Kalata yotumizirayo isagone m'sutikesi.

Munthu wodzidzimuka samva bwino. Ambiri amatuluka m'cipinda ca dotolo atangogwira liu limodzi lokha lakuti khansa, zina zonse zitawapita. Ncifukwa cake pa ulendo waciwiri ndi bwino kupita ndi munthu amene mumamkhulupirira, ndiponso kulemberatu mafunso pa pepala. Safunsa anadya phula. Funsani kuti, "Adotolo, ciwindi canga cili bwanji lero? Kodi ndiyenera kuyamba mankhwala tsopano kapena tidikire? Ndibwerenso liti? Nanga kunyumba ndani ayenera kudzapimidwa?" Sungani mapepala onse m'kabuku kamodzi, pakuti dotolo amaweruza bwino akayerekeza zotsatira za caka cino ndi za caka catha.

WALAKWA NDANI?

Apa ndi pamene mabanja ambiri amagwedezeka. Popeza anthu anamva kuti hepatitis B imafala kudzera m'kugonana, mwamuna amaloza mkazi cala, mkazi nalozanso mwamuna, ankhoswe nkuitanidwa usiku. Nzoona kuti kadoyoka kangathe kufala m'njira imeneyo. Koma zimene madotolo apeza kuno ku Africa nzakuti anthu ambiri amene kadoyoka kanakhazikika mwa iwo anakatenga pobadwa, kucokera kwa amai ao, kapena ali ana aang'ono, kudzera m'zilonda posewera ndi anzao, m'lezala limodzi lometera ana onse, kapena m'mphini.

Cifukwa cake ndi ici. Khanda likatenga kadoyoka, citetezo cake sicinakhwime, ndipo pa makanda 10 otere, 9 amakhala nako moyo wonse. Munthu wamkulu akakatenga, zimatembenuka: pa akulu 100, osakwana 5 ndiwo amatsala nako. Tsono bambo wa zaka 35 amene wapezeka ndi hepatitis B yokhazikika, kawirikawiri wakhala nayo asanayambe ndi sukulu yomwe. Nthawi zambiri abale ake a mimba imodzi akapimidwa, ena amapezeka nayonso. Amai ao naonso alibe mlandu, pakuti sanali kudziwa, ndipo m'zaka zimenezo katemera wa matendawa anali asanafike m'makiliniki athu.

Zimacitikanso kuti m'banja la zaka zambiri, wina apezeka ndi kadoyoka pamene mnzake alibe. Zimenezi si umboni wa cigololo. Mwina mnzakeyo anakatenga kale thupi lake nkukagonjetsa, mwinanso sanakatengepo ndipo afunika katemera msanga. M'Uthenga Wabwino wa Yohane, mutu 9, ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona anafuna kudziwa amene anacimwa pakati pa iye ndi makolo ake, koma Ambuye sanapeze mlandu pa aliyense wa iwo. Funso lakuti walakwa ndani limaononga ukwati ndipo siliciritsa ciwindi. Funso lothandiza nlakuti ticite ciani kuyambira lero.

Kwa inu acinyamata amene muli pa ubwenzi wokonzekera ukwati, hepatitis B siiletsa munthu kukwatira kapena kubereka ana athanzi. Cofunika ndi kunena zoona ukwati usanamangidwe, kuti mnzanuyo apimidwe ndi kulandira katemera.

MANKHWALA ALIPO

Mpaka lero palibe mankhwala amene amacotseratu kadoyoka mwa anthu ambiri, koma alipo amene amakafooketsa kwambiri. Odziwika ndi tenofovir ndi entecavir, mbulu umodzi pa tsiku. Kadoyo kakafooka ciwindi cimapuma, zipsera zimaleka kuonjezeka, ndipo ngozi ya khansa imacepa. Si onse amene amayamba mankhwala tsiku lomwelo. Ena kadoyo kao nkocepa ndipo ciwindi cili bwino. Amenewa dotolo amangowayang'anira. Mu 2024 bungwe la WHO linatulutsa malangizo atsopano amene anafewetsa njira, kotero kuti anthu ambiri amene kale anali kuuzidwa kudikira tsopano ayenera kulandira mankhwala. Motero amene anauzidwa zaka zapitazo kuti safunika kanthu acita bwino kubwereranso kukaonana ndi dotolo.

Pali zinthu ziwiri zofunika kuzimvetsa. Coyamba, tenofovir alinso m'gulu la mankhwala a ma ARV. Ici ndico cifukwa cake munthu amapimidwa HIV asanayambe, pakuti amene ali ndi tizidoyo tonse tiwiri afunika mankhwala ophatikiza, ndipo akamwa mtundu umodzi wokha kadoyo ka HIV kangaleke kumva mankhwala. Komanso kumwa tenofovir sikutanthauza kuti munthu ali ndi HIV. Pali anthu amene amaleka kukatenga mankhwala ao poopa kuonedwa ndi anansi, ndipo manyazi oterewa amawafupikitsira moyo.

Caciwiri, mankhwalawa ambiri amawamwa moyo wonse, ndipo kuwaleka mwadzidzidzi nkoopsa. Kadoyo kamadzuka ndi mphamvu, ciwindi nkutupa koopsa, mwina mpaka kuleka kugwira nchito. Munthu asaleke cifukwa cakuti akumva bwino, kapena cifukwa wina wamuuza kuti wacira.

Amene sakumwa mankhwala naye asaiwale cipatala. Kadoyo kogona kangathe kudzuka patapita zaka, mwini wake osamva kanthu. Ayenera kupimidwa kamodzi pa caka, ndipo amene ciwindi cao cili ndi zipsera, kapena amene m'banja mwao wina anadwalapo khansa ya ciwindi, amajambulidwa pa miyezi 6 iliyonse. Khansa ya ciwindi ikapezeka ikali yaing'ono, madotolo amakhala ndi pogwira.

ZOYENERA KUCITA PANYUMBA

Kapepala ka munthu mmodzi ndi cenjezo kwa nyumba yonse. Mkazi kapena mwamuna wake, ana, abale a mimba imodzi ndi amai omubereka, ngati ali moyo, onse akapimidwe. Amene alibe kadoyoka alandire katemera, amene kwa akulu amaperekedwa katatu pa miyezi 6. Katemerayu wakhalapo kuyambira mu 1982 ndipo amachinjiriza pafupifupi onse amene amaliza jekeseni zonse. Muno mu Zambia analowetsedwa m'katemera wa ana a ku sikelo mu 2005, ndipo khanda limamlandira pa masabata 6, 10 ndi 14. Amene anabadwa caka cimeneco cisanafike ambiri sanalandirepo.

Mai woyembekezera amene wapezeka ndi kadoyoka auze anamwino msanga, ndipo akacirire kucipatala. Bungwe la WHO limalangiza kuti khanda lilandire katemera woyamba pasanathe maola 24 cibadwire, ndipo mai amene kadoyo kake nkoculuka amapatsidwa tenofovir miyezi ingapo asanacire. Makolo afunse za zimenezi mimba ikali yaing'ono. Kuyamwitsa nkololedwa.

Kadoyoka kamayenda m'magazi ndi m'madzi a m'thupi a pogonana, ndipo kangathe kukhala ndi moyo kunja kwa thupi masiku 7. Motero aliyense akhale ndi lezala lake, mswaci wake ndi cowengera zikhadabo cake. Cilonda cimangidwe. Mphini, kuboola makutu ndi mdulidwe wa lezala limodzi zipewedwe. Wopezeka ndi kadoyoka saperekanso magazi. Koma kadoyoka sikafala podyera m'mbale imodzi, popatsana moni wa m'manja, pokumbatirana, potsokomola kapena polumidwa ndi udzudzu. Palibe cifukwa compatulira munthu mbale ndi kapu yake, kapena kumletsa kuphika ndi kunyamula ana.

Mdani woyamba wa ciwindi codwala ndi mowa. Kacasu, cibuku ngakhale wa m'mabotolo, wonse umafulumiza kuuma kwa ciwindi, ndipo nzeru ndi kuusiyiratu. Mdani waciwiri ali m'nkhokwe. Nshawa ndi cimanga zimene zacita cuku zimakhala ndi poizoni wochedwa aflatoxin, amene satha ndi kuphika kapena kukazinga, ndipo akakumana ndi hepatitis B ngozi ya khansa imakula kwambiri. M'midzi yambiri nshawa zabwino zimapita kumsika, zofota ndi zakuda nkusinjidwa kukhala nsinjiro za panyumba. Cizolowezi cimeneci cileke. Mbeu ziume bwino zisanalowe m'thumba, zisungidwe pouma, ndipo zacuku zitayidwe. Mdani wacitatu ndi mankhwala omwa mwacisawawa. Zitsamba zina zimaononga ciwindi, cimodzimodzinso mankhwala opha ululu akamwedwa mopyola muyeso. Amalonda amene amayenda ndi mabotolo olonjeza kutsuka ciwindi amatsuka matumba a anthu cabe.

MTIMA WA WODWALA NDI UDINDO WA MPHAKATI

Mantha, mkwiyo ndi kusakhulupirira zimene wamva ndi zinthu zimene zimagwera pafupifupi aliyense m'masabata oyamba. Ena amapita kukapimitsa ku zipatala zitatu poyembekeza kuti cina cinena zosiyana. Ena amangokhala cete, naleka kudya ndi kuceza. Zimenezi si kucepa kwa cikhulupiriro. Koma mutu umodzi susenza denga. Munthu asankhe mmodzi kapena awiri okhulupirika, kaya mnzake wa m'nyumba, kaya mbale, kaya Bambo Mfumu, awauze. Alibe udindo wolengeza kwa anthu onse. Amene ayenera kudziwa ndi a m'nyumba mwake ndi a zaumoyo amene akumthandiza.

Amene mwauzidwa, sungani cinsinsi. Si bwino kuchula dzina la munthu ndi matenda ake m'mapemphero a pa mphakati iye asanalole, ngakhale colinga cikhale cabwino. Thandizo lenileni nthawi zambiri limakhala la zinthu zazing'ono: kumperekeza kucipatala, kusonkha ndalama ya basi yopitira kokajambulitsa, kuyang'anira ana tsiku limenelo, ndi kuleka kumkakamiza mowa pa ukwati kapena pa maliro.

Pali alaliki ena amene amauza odwala kuti ataye mankhwala monga cizindikiro ca cikhulupiriro. Eklezia saphunzitsa zotero. Buku la Sira, mutu 38, limalangiza wodwala kupemphera ndiponso kupatsa dotolo malo ake, popeza nzeru za kuciritsa ndi mphatso ya Mulungu. Ndi mtima womwewo amishonale anamanga zipatala pafupi ndi machalichi. Amene matenda amkulira asaope kupempha Sakramenti la Kudzoza Odwala. Msonkhano Waciwiri wa ku Vatican unafotokoza mu 1963 kuti sakramentili si la okhao amene ali pafupi kutsirizika. Ndipo tsiku la 11 Febuluwale, limene Papa John Paul II analikhazikitsa mu 1992 kukhala Tsiku la Odwala, ndi mpata wabwino wakuti parishi iitane anamwino adzaphunzitse Akhristu za matenda obisika ngati awa.

Inu amene muli ndi kapepala m'thumba, tsiku limene anakulemberani kuti mubwerenso musaliphonye. Pitani ndi mnzanu wa m'nyumba, ndipo ana asatsale. Anthu ambiri amene anadziwa msanga, namwa mankhwala ao mokhulupirika, nasiya mowa, akulima, akuphunzitsa, akulera adzukulu. Inunso amene munabadwa 2005 isanafike ndipo simunapimitsepo, makamaka ngati m'banja mwanu wina anamwalira mimba itatupa kapena maso ali acikasu, ulendo wina mukapita kucipatala mukafunse za kupima hepatitis B. Kumafuna magazi ocepa cabe, ndipo yankho silicedwa.